Nkhuku Nayonso Ndi Mbalame

Amuna anga anatha zaka zambiri akuyendetsa minibasi mu Lusaka, ine ndili kuno ku Bundabunda ndi ana ndi khasu. Kunyumba ankabwera ngati alendo. Loweruka madzulo afika ndi buledi ndi shuga, Lamlungu tikangotuluka m'tchalitchi anyamula chikwama chawo chakuda, ulendo wa kumsewu. Miyezi ina osaoneka n'komwe. Mwana wathu wamkazi womaliza anakula akuwapatsa moni atagwada patali, ndipo iwo akalowa m'nyumba iye ankapeza chifukwa chotulukira panja. Sindinganame kuti ankatigoneka ndi njala, ayi, ankatumiza ndithu. Koma munthu sukwatiwa ndi foni.

Tsiku lina, msana utawatopetsa, anafika pakati pa sabata, nakhala pakhonde n'kuvula nsapato.

"Nabwela, amai," anatero. "Pa msewu nalema. Nifuna kusunga nkuku za mazila."

Ine ndinangoti, "Oho, mwabwela," ngati si kanthu, koma madzulo amenewo ndinathira mchere kawiri m'ndiwo. Anamanga khola la njerwa ndi waya kuseri kwa nyumba, nagula misoti yofiira, ndipo chikwama chija anachikweza pamwamba pa kabati. Ndinkachiyang'ana chikwamacho m'mawa uliwonse monga momwe mkazi wa pamitala amayang'anira mkazi mnzake. Chikakhala pomwepo, fumbi litachikuta, mtima wanga unkakhala m'malo.

Nkhuku zinayamba kuikira bwino. Kunali mayi wina wa kagolosale ku Silverest amene ankabwera ndi kagalimoto kake kudzatenga mazira. Amuna anga masaya anabwerera, anayamba kuimba mluzu posesa m'khola, ndipo mwana uja anayamba kuwatsatira atanyamula beseni lotoleramo mazira.

Kenako kunabwera chilala chija chimene aliyense kuno akuchikumbuka. Chimanga chinapserera chisanabereke. Zakudya za nkhuku za m'masitolo ku Chongwe zinakwera mtengo moti munthu unkangosisita thumba n'kutuluka. Gaga amene kale tinkangopatsana anayamba kudyedwa ndi anthu. Chaka chimenecho tinachikoka movutikira, nkhuku zina tinagulitsa, ndipo mvula yotsatira isanagwe tinagwirizana zodzala mapira, poti iwo sagonja msanga ndi dzuwa. Tinati tidzigayira tokha chakudya cha nkhuku.

Ife ndife akum'mawa. Makolo athu anachokera cha ku Katete, ndipo zimene timadziwa ndi chimanga, mtedza ndi thonje. Mapira ndinkangowaona m'minda ya anzathu Asoli, eni dera lino, ndipo chimene ndinkaonapo kwambiri ndi mavuto ake: anthu kuswera m'munda tsiku lonse akumenya zitini ndi kukuwa, kuthamangitsa mpheta. Ine ntchito yokangana ndi mbalame sindinaifune. Ndiye nditapeza bambo wina pamsika akugulitsa mbewu yofiira moderako, n'kundiuza kuti, "Aya mbalame sizigwila, amai, mungagone na kugona," ndinagula osafunsanso china.

Bamboyo sananame. Mapira athu anakula, ngala zake zolemera, zoweramira pansi. Mpheta zinkatera, kujompha kamodzi, n'kuuluka ulendo wa kuminda ya anansi. Ine ndinkadutsa ndi ndowa pamutu, kumawapatsa moni anthu omenya zitini aja mwaulemu wokhala ndi kunyada mkati. Tinadula ngala, kupuntha, kupeta, matumba n'kuima m'chipinda. Kutchalitchi ndinachita kuimirira n'kupereka umboni.

Chigayo chathu chili pamphambano pomwe timakwerera minibasi. N'cha dizilo, ndipo mwini wake ndi Mubemba, bambo wamfupi wa dazi, nsidze zake zoyera ndi ufa chaka chonse. Pakati pa ife akum'mawa ndi Abemba pali chimbuya. Mbuya wako ukhoza kumunyoza pagulu, kumutchula kapolo, kumulanda chipewa, kumuthira ufa kumutu ngakhale pamaliro, ndipo iye alibe ufulu wokwiya. Amangobweza. Iwo amati ife tinamaliza mbewa m'dziko muno, ife timati iwo anamaliza anyani. Mbuya wanga wa pachigayoyu chiyambire sanandipatsepo moni wabwinobwino. Akandiona ndikubwera ankakuwa kuti amayi abise ana, kwafika anthu odya zinthu za michira.

Tsiku limene ndinapititsa thumba loyamba la mapira, pachigayo panali amayi ambiri pamzere. Itafika nthawi yanga, mbuya anamasula thumba, napisamo dzanja monga amachitira ndi thumba lililonse. Anatapa njere zingapo, kuziyang'ana, kuponya imodzi m'kamwa, n'kulavula kutali.

"Ba mbuya, aya mapila mufuna kupaya nayo ndani?"

"Ni ya nkuku," ndinayankha. "Imwe gayani chabe."

"Ya nkuku!" Anatembenukira amayi a pamzere atatambasula manja. "Mwamvela? Mbalame za Mulungu zakana, manje afuna kupasa nkuku. Nkuku ni chani, ba mbuya, ni ng'ombe?"

Amayi anaseka. Ine pakamwa sipandivuta.

"Muntu wokudya kolwe angazibe chani pa vokoma?" ndinatero, poti kolwe ndi nyani m'Chibemba, ndipo amayi anaseka koposa, ena mpaka kuombana m'manja.

Anandifunsanso kuti aike sefa iti. Chigayo chimakhala ndi masefa osiyana, ina ya timabowo ting'onoting'ono yotulutsa ufa wosalala, ina ya mabowo aakulu. Ine ndinati aike yosalala. Nkhuku zanga zinali ngati ana anga, ndipo ndinkaona kuti kuzipatsa zokhakhala n'kuzinyoza.

"Aya mapila ni yofewa sana," anatero. "Pa sefa iyo yazankala fumbi."

"Mufuna kusunga dizilo, kapolo iwe. Nakuziba."

Anakweza mapewa, naika sefa imene ndinafuna. Mumphuno monse munalowa fumbi lofiirira, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira kuti lero mbuya ndamugonjetsa. Ndinawafotokozera amuna anga mawu ndi mawu, nawonso anaseka.

Ufawo amuna anga anausakaniza monga amachitira osunga nkhuku: soya wokazinga, zotsalira za mpendadzuwa akafinya mafuta, laimu ndi kamchere. Nkhuku zinathamangira modyera mwa masiku onse. Zinajompha, kenako n'kuyamba kupukusa mitu ndi kupukuta milomo pansi. Zinkasankha tizidutswa ta soya, ufa wofiira n'kuusiya. Umene zadya unkamata kumilomo, zikapita kukamwa madzi momwera monse n'kusanduka phala. Tinati n'chakudya chachilendo, zizolowera.

Sizinazolowere. Mazira anayamba kuchepa, ndipo amene ankabwera anali aang'ono. Ukagwira nkhuku, fupa la pachifuwa linkakubaya m'dzanja. Tinaganiza za chitopa, koma panalibe yofa ngakhale imodzi, panalibe yopinda khosi. Tinathira mankhwala a nyongolotsi m'madzi, tinasintha utuchi, ndinafika mpaka poyang'ana anansi ena ndi diso loipa, Mulungu andikhululukire. Mayi wa ku Silverest anabwera ulendo wina n'kubwerera ndi mathireyi opanda kanthu, ulendo wotsatira anangoimba foni, kenako anasiya n'kuimba komwe.

Mluzu unatha m'khola. Amuna anga ankakhala pachitsa kuyang'ana nkhukuzo, dzanja lili patsaya. Masana ena ndikuchokera kudimba ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyankhula pafoni motsitsa mawu, ndipo ndinamva akuti "bosi". Nditalowa m'chipinda, pamwamba pa kabati panali poyera. Chikwama chinali pabedi, atachipukuta mpaka kuwala.

"Bosi ali na basi ilibe dalaivala," anandiuza osandiyang'ana. "Mwezi ukasila nibwelela pa msewu. Nkuku zanikana."

"Nanga msana?"

"Msana siudya nsima, amai. Bana ndiye bakudya."

Sankanama. Koma ndinachita mantha, ndipo ndinakwiya, osadziwa wokwiyira. Ndinkadziwa kuti akakwera basi imeneyo sadzatsikanso mpaka ukalamba, ndipo ine ndidzabwerera ku ukwati wa Loweruka. Mwana uja anasiya kunyamula beseni. Ana amamva zinthu ngakhale usawauze.

Ufa utatha ndinakweza thumba lina panjinga. Nkhuku zinkafunikabe kudya, kaya zikuikira kaya ayi. Unali m'mawa, pachigayo panalibe anthu ambiri. Mbuya atandiona anayamba zake.

"Bisani bana! Yafika mfumu ya mbeba!"

Ndinatsitsa thumba, n'kukhala pa benchi.

"Shani, ba mbuya, lelo mbeba zatawa?"

Ndinangoyang'ana pansi. Ndikanatsegula pakamwa, ikanatuluka ndi misozi. Anaima pang'ono akundiyang'ana, kenako analowa mkati, ndipo ndinamva injini ikuzima. Pachigayo pakakhala zii nthawi ya ntchito pamachititsa mantha. Anatuluka akupukuta manja, nakhala kumapeto kwa benchi.

"Amai," anatero, "nkuku zili bwanji?"

Zaka zonsezo anali asananditchulepo amai. Ndinamuuza zonse za nkhuku, za amuna anga zokha ndinasunga. Anamvetsera osandidula, kenako anamasula thumba langa, natapa njere n'kundiika m'dzanja.

"Tafunani."

Mapira amene ndinadzala ndekha, kupalira, kupuntha ndi kupeta, ndinali ndisanawalawepo. Ndinatafuna. Poyamba sindinamve kanthu, kenako m'kamwa monse munauma, lilime n'kukakamira kumwamba, ngati ndaluma nthochi yosapsa. Ndinalavula.

Anatulutsa kampeni, nang'amba njere imodzi pa chala chachikulu. Anandionetsa kuti pansi pa khungu lofiira pali kachikopa kena kakuda, ndipo anati kuwawa konse kumakhala mmenemo. Si mapira ofiira onse amene ali nako, koma athuwa anali nako kokhuthala. Mkati mwa njereyo munali moyera, mofumbutuka, moti anangofinya ndi chikhadabo n'kusanduka ufa. Kenako analowa mkati n'kubwera ndi mapira oyera a akazi ake. Njere yake kampeni kanavutika nayo, ndipo itasweka inasweka tizidutswa tolimba, towala. Anati njere yolimba chigayo chimaiphwanya misere imene nkhuku imatola mosangalala, koma yofewa ngati yanga, ukaiika pa sefa yosalala, imatuluka fumbi lokhalokha, ndiye kachikopa kowawa kaja kamamwazikira mu ufa wonse, nkhuku n'kusowa posankha.

"Mpeta inajompa kamozi, yatawa," anatero. "Nkuku ili mu kola, izatawila kuti? Nkuku nayo ni mbalame, amai."

Mawu amenewo mwana wa sukulu ya mkaka akhoza kukuuza, koma ine ndi amuna anga, anthu a imvi zoyamba, tinakhala miyezi tikuyang'ana nkhuku osaona mbalame.

"Nanga munalekelanji kuniuza?"

"Ninakuuzani! Pamenso pa bantu!"

"Nenze kuona monga ni chimbuya."

"Chenze chimbuya," anatero, akukanda dazi lake, "koma chenze chazoona. Naine ninalakwa. Nenze kufunika kuzimya injini siku ija."

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Vuto la mbuya ndi lakuti amakutsina khutu tsiku lililonse, ndiye tsiku limene wakutsina pofuna kukupulumutsa, iwe umangoseka n'kumutsinanso.

Thumba lija mbuya anakana kuligaya. Anati ndilisiye pomwepo, ndizungulire kuseri kwa chigayo ndikaonane ndi akazi ake. Mayiwo ndi Musoli, wobadwira konkuno, wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti anapirira bwanji ndi pakamwa pa mwamuna ameneyo. Ndinawapeza akuchapa. Atamva nkhani yanga sanaseke. Anati makolo awo ankalima mapira amtundu umenewu chimanga chisanachuluke, ndipo ankawadziwa mankhwala ake.

"Muli na mulota ku nyumba?" anandifunsa. Ankanena phulusa.

Anati ndisefe phulusa la nkhuni, ndilivundule m'madzi, ndiviikemo mapira agone usiku, m'mawa ndiwatsukuluze ndi kuwayanika. Ndinangoti kukamwa yasa. Chimenecho ndi chidulo! Chidulo ndachidziwa kuyambira ndili kamtsikana, ndachichezera therere moyo wanga wonse, koma sindinaganizepo kuti chingalowe m'nkhani ya nkhuku.

Phulusa la nyumba imodzi silikanakwanira, choncho ndinayenda khomo ndi khomo ndi ndowa. Amayi ankandifunsa ngati ndikuphika therere la ukwati. Anansi omwe aja ndinkawadutsa monyada akumenya zitini ndi amene anandikokolera phulusa m'mafuwa awo, ena mpaka kundiperekeza nalo. Tinaviika mapira m'mgolo. Kutacha madzi anali bii, ngati tiyi wa masamba ochuluka, ndipo nditatafuna njere imodzi lilime linatsala lomasuka.

Mayi a pachigayo anabwera okha kudzaona kuyanika. Anandiletsa kuunjika, anati ndimwaze mopyapyala pamphasa ndi pamatumba ong'amba, ndizitembenuza pafupipafupi. Anati ndisathamange, chifukwa mapira a chinyezi amamata pa sefa, chigayo n'kutsamwa, ndipo ufa wake umachita nkhungu m'thumba, ndiye kuchotsa vuto lina n'kuika lina. Ouma bwino amalira ukawaluma. Anandibweretseranso mapira awo oyera kuti ndizisakaniza, iwo n'kutenga anga ofiira tini kwa tini, poti ofiirawo amakoma chimera cha thobwa.

Tinagwada limodzi pamphasa tikutembenuza mapira ndi manja, dzuwa likutiwotcha m'misana. Pamenepo ndi pamene zinanditulukira. Ndinawauza za chikwama chili pabedi, za bosi, za mwana wogwada patali. Sanandiyang'ane, anapitiriza kumwaza mapira.

"Bayenda liti?" anafunsa.

"Pa Mande ya kusila kwa mwezi."

"Oho," anatero.

Mapira atauma mpaka kulira pa dzino, ndinawapititsa kuchigayo. Mbuya analuma njere, nagwedeza mutu, naika sefa ya mabowo aakulu osandifunsa. Ngakhale kulira kwa chigayo kunasintha, kunali kopepuka, ndipo fumbi linali lochepa. M'thumba munagwa misere yoyera ndi yofiira, yoti ukaifumbata n'kutambasula dzanja imayoyoka yokha.

"Manje mwaona, ba mbuya," anakuwa pamwamba pa phokoso, "nzelu zili kuli ba kolwe!"

"Nzelu ni za bakazi banu," ndinabweza. "Imwe muli chabe na dazi."

Ndinadabwa kumva mawu anga akuseka.

Madzulo amenewo nkhuku zinadya mpaka kumveka milomo ikugogoda pansi pa modyera. Amuna anga anaima pakhomo la khola nthawi yaitali. Anandithandiza kuviika mgolo wachiwiri, anasenza madzi, anatembenuza nawo mapira. Koma thupi la nkhuku silibwerera tsiku limodzi. Masiku anapita, nthenga zinayamba kusalala, kenako m'zisa munayamba kupezeka dzira apa, dzira apo. Ine ndinkabwera nawo m'manja ngati ndatola golide.

"Tumazila utu situngadyese nyumba," ankatero iwo. "Bosi sazanilindila."

Ndinawapempha kuti adikire pang'ono. Anati mawu anapereka kale, ndipo mwamuna sabweza mawu. Lamlungu madzulo anasita shati yawo yoyera ndi buluku lakuda, napukuta nsapato.

Lolemba m'mawa ndinawaperekeza kumphambano. Mwana anakana kutuluka m'nyumba. Tinayenda iwo patsogolo chikwama chili paphewa, ine pambuyo ndikuyang'ana shati yoyerayo. Pachigayo panali kale mzere wa amayi, ndipo injini inali ikulira. Tinaima pansi pa mtengo podikirira basi.

Mbuya anasuzumira pakhomo. Anali atayera ndi ufa kuyambira kudazi mpaka kumapazi, kuposa masiku onse.

"Eee! Mbuya wanga!" anakuwa. "Wavala monga mukwati! Uyenda kukwatila ndani, kapolo wanga, osanipempa?"

Anabwera manja ali tambasu. Amuna anga anabwerera m'mbuyo akuti, "Iwe, iwe, shati!" koma anali atachedwa. Anawakumbatira mwamphamvu, kuwasisita kumsana, kuwapukutira nkhope paphewa. Kenako anapisa m'thumba la ovolosi, natulutsa ufa wodzaza dzanja n'kuwathira pamutu. Buluku lakuda lija linasanduka lotuwa. Amayi a pamzere anagwa nako kuseka, wina mpaka kululutira. Amuna anga akukunkhumula ufa m'maso, mbuya anasolola chikwama paphewa pawo.

"Katundu wa kapolo ni wa bwana wake," anatero, nalowa nacho m'chigayo.

Ndinaona msempha wa pakhosi pa amuna anga ukugunda. Akanakhala munthu wina aliyense, pakanagwa chibakera. Koma ameneyu anali mbuya, ndipo anthu anali kuyang'ana. Mwamuna wakum'mawa wokwiyira mbuya wake pagulu amasekedwa mpaka kumanda. Anayesa kumwetulira, mano okha.

Nthawi yomweyo basi inafika. Kondakitala anatsegula chitseko akuitana a ku Lusaka, nawayang'ana amuna anga kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ba mudala, so simungakwele. Muzaononga mipando."

Basi inapita. Mbuya anatulukanso, manja ali m'chiuno.

"Chola chili pa msomali," anatero. "Ukachifuna, unibweletsele tileyi ya mazila. Ya nkuku zako, osati yogula. Nizaziba."

Pachimbuya chinthu cholandidwa chimaomboledwa, nthawi zambiri ndi kakobiri chabe. Uyu anatchula mazira. Za chikwamacho ine ndinali nditauza munthu mmodzi yekha. Ndinayang'ana kuseri kwa chigayo, ndipo ndinaona akazi ake akuyanika zovala, atatipatsa msana.

Pobwerera amuna anga ankayenda mofulumira, ufa ukuyoyoka m'mapewa. Ine pambuyo ndinaluma nsonga ya chitenje kuti kuseka kusamveke, komanso misozi inali kutsika, sindikudziwa kuti chinayamba n'chiti. Titafika anaimbira bosi kuti apeza vuto pang'ono, abwera sabata yamawa. Anasamba, navala zakumunda, napita kukhola. Mwana anasuzumira pawindo, kenako ndinamva beseni likugwa m'khitchini.

Thireyi ya mbuya sinadzaze msanga. Ndivomere kuti masiku oyamba ndinkakazingira ana mazira mowolowa manja kuposa kale. Koma nkhuku zinali zitabwerera, ndipo posakhalitsa ngakhale ine sindikanatha kuwabisa. M'khola munayambanso phokoso la kutetera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Amuna anga anaimbira mayi wa ku Silverest, ndipo ndinawamva akuseka pafoni. Sabata yamawa ija inadutsa. Foni ya bosi inalira kangapo, tsiku lina inalira iwo manja ali m'mgolo wa phulusa, ndipo anandiuza kuti ndiisiye.

Loweruka lina anasankha mazira aakuluakulu, nawaika pathireyi, namangirira panjinga. Ndinaima pakhonde mpaka anabwerera, ndipo nditawaona akutulukira pa mtengo wa mango, ndinayang'ana paphewa, ndinayang'ana pakaliyala. Panalibe kanthu.

"Nanga chola?" ndinafunsa.

"Ah," anatero akuimika njinga, osandiyang'ana. "Naibala."

Chaka chotsatira tinadzala mapira oyera, mbewu yochokera kwa mayi a pachigayo, ndi ofiira pang'ono m'mphepete. Tsopano amene amaswera m'munda kumenya chitini ndi amuna anga. Munthu amene ankakuwira anthu okwera basi lero amakuwira mpheta, ndipo mawu ake amamveka mpaka kudimba. Mwana uja amawapititsira thobwa, n'kukhala nawo pamthunzi mpaka ndichite kumuitana. Thumba lililonse lisanapite kuchigayo ndimaluma njere kaye, ndipo alendo amene amandiona amaganiza kuti ndili ndi njala.

Mayi a pachigayo ndinawathokoza bwinobwino, ndinagwada, ndinawapititsira tambala. Analandira mwakachetechete n'kundifunsa ngati mapira auma. Koma mwamuna wawo ndalephera. Ndinayesa kamodzi, tsiku lopanda anthu. Ndinayamba kuti, "Batate, pa vija munachita," ndipo iye anatseka makutu ndi manja.

"Awe, awe! Mbeba ikayamba ulemu ninshi ifuna kuba. Chokani apa!"

Ndiye ndimamuthokoza m'njira imene iye amamva. Ndimamutchula kapolo, ndimamufunsa ngati anyani atsalako kwawo, ndipo ndikaphika chinangwa ndimamutumizira ndi uthenga woti adye asafe ndi njala pa dziko la eni. Mumtima ndimamupempherera pamodzi ndi abale anga enieni.

Chikwama chija chikadali pa msomali, pamwamba pa masefa. Chinayera ndi ufa moti sungadziwe kuti chinali chakuda, ndipo mavu anamanga chisa pa lamba wake. Ndikapita kukagayitsa, maso anga amayamba afika pamenepo ndisanatsitse thumba. Mbuya amandiona, ndipo nthawi zina amatsitsa mawu kuti amayi a pamzere asamve.

"Nibweze, ba mbuya?"

"Chisiyeni," ndimatero. "Chili bwino pamene apo."